MIGODI NDI MINDA YATHU

Pansi pa nthaka ya Moçambique pali chuma. Ku Moatize kuli malasha. Ku Manica kuli golide. Malamulo a dziko amati chuma cha pansi pa nthaka ndi cha Boma. Koma pamwamba pa nthakayo pali minda, zitsime ndi manda a makolo athu. Mgodi ukafika, zimenezi amaziteteza ndani?

Poyamba

Dziko lathu linalandira ufulu mu 1975. Mu 1978 Boma linakhazikitsa kampani ya Carbomoc kuti izikumba malasha ku Moatize. Masiku amenewo mtima unali pa kukumba malasha ambiri. Za fumbi ndi madzi zinkabwera pambuyo.

Malamulo ayamba kusintha

Mu 1997 munatuluka Lamulo la Chilengedwe. Linati ntchito yomwe ingaononge nthaka, madzi kapena mpweya isayambe popanda chilolezo. Akatswiri ayambe afufuza zimene ntchitoyo idzaononge.

Mu 2004 munatuluka malamulo a chilengedwe okhudza migodi. Anati wokumba akonze malo amene waononga. Kampani isungitsiretu ndalama za ntchitoyo, kuti isadzachoke n'kutisiyira maenje.

Phunziro la ku Cateme

Kampani ya Vale, ya ku Brazil, inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011. Isanayambe, mu 2009 ndi 2010, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa. Oposa 700 anapita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Kumeneko anadandaula kuti minda ndi yamiyala, madzi ndi osowa, nyumba zikung'ambika.

Mu January 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji ya malasha. Chaka chomwecho Boma linatulutsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu. Anati wosamutsidwa akakhale moyo wofanana ndi wakale kapena woposa. Anatinso pachitike misonkhano yosachepera inayi yomva maganizo a anthu.

Mu 2014 munatuluka Lamulo la Migodi lina. Linati anthu afunsidwe mgodi usanatsegulidwe. Wotaya munda kapena nyumba alipidwe mwachilungamo. Kuyambira 2013, Boma linayambanso kupatula gawo la 2.75 pa 100 la msonkho wa zokumbidwa kuti lithandize midzi ya kumene kuli migodi.

Ntchito sinathe

Lamulo pa pepala siliyeretsa mtsinje. Ku Manica, okumba golide anadetsa mitsinje ndi matope ndi mankhwala. Mu 2025 Boma linaimitsa ntchito za migodi m'chigawocho chifukwa cha zimenezi.

Malasha amatha. Golide amatha. Munda wosamalidwa umadyetsa ana ndi adzukulu. Nchifukwa chake tiyenera kudziwa malamulo amenewa.

Msonkhano ukaitanidwa, tipite tonse, abambo ndi amayi. Tifunse: Munda watsopano uli kuti? Madzi tidzatunga kuti? Manda adzawatani? Maenje adzakwirira ndani? Mayankho alembedwe. Tisasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sitinalimvetse. Amene waphunzira kuwerenga awerengere anzake.

Tikambirane

1. Kodi malamulo a 2004 anati wokumba achite chiyani?
2. Anthu a ku Cateme anadandaula za chiyani?
3. Mgodi utafika m'mudzi mwathu, tingafunse mafunso otani?