Kuyenda Ndawala Kumalimbitsa Mtima

Mtima ndi mnofu, monga mnofu wa pa mkono. Kukula kwake n'chimodzimodzi ndi chibakera chanu. Ntchito yake ndi kupopa magazi usana ndi usiku. Mnofu umene sugwira ntchito yolimba umafooka. Mtima nawonso umatero.

Ena amati, "Ine ndimalima, nanga masewera olimbitsa thupi ndi achiyani?" Zoona, kulima, kusinja ndi kutunga madzi kutali kumalimbitsa thupi. Koma taganizani za telala amene amakhala pa makina tsiku lonse, kapena mayi wogulitsa tomato pa msika. Madzulo amakwera minibasi mpaka kwao. Amatopa ndithu, koma mtima sunagwire ntchito yolimba. Kukhala pansi kotere kumaitana matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, aja timati BP.

Njira yosalira ndalama ilipo: kuyenda ndawala. Si kuyenda kwa munthu wopita kocheza iyayi. Ndi kuyenda kwa mayi amene waona mvula ikubwera, ufa atauyanika panja. Mukamayenda chonchi mumapuma msangamsanga, ndipo mtima umagunda mofulumira. Pakapita milungu ingapo mtima umalimba. Ukagunda kamodzi umakankha magazi ambiri kuposa kale. Chitunda chija chinkakutopetsani mumachikwera osapumira panjira.

Kodi mudziwa bwanji kuti liwiro lakwana? Yesani kuimba nyimbo muli kuyenda. Ngati nyimbo ikutuluka bwinobwino, onjezani liwiro. Ngati mukutha kulankhula koma kuimba kukukanika, mwakhoza, pitirizani momwemo. Koma ngati kulankhula komwe kukukanika, mwanyanya, chepetsani.

Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zotere mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Musaope nambalayi. Mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa mlungu, zakwana 150 basi.

Komatu musayambe ndi mphindi 30. Ambiri amalakwa pamenepa. Amayamba ndi ukali, m'mawa mwake miyendo ili kuwawa, n'kusiyiratu. Mlungu woyamba yendani mphindi 10 zokha pa tsiku. Mlungu wachiwiri 15, wachitatu 20. Pofika mlungu wachisanu mudzakhala pa 30. Poyamba ndi pomaliza yendani pang'onopang'ono. Sankhani m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa, ndipo imwani madzi. Kupalasa njinga ndi kuvina gule kumagwiranso ntchito yomweyi.

Mungathe kuyeza mtima wanu nokha. M'mawa musanadzuke, ikani zala ziwiri pa mkono, m'munsi mwa chala chachikulu. Mudzamva kugunda. Werengani kwa mphindi imodzi, mukuyang'ana wotchi kapena foni. Kwa anthu akuluakulu ambiri nambala imakhala pakati pa 60 ndi 100. Ilembeni m'kope lanu pamodzi ndi tsiku. Patapita miyezi iwiri kapena itatu werenganinso. Ambiri amapeza kuti yatsikako, chifukwa mtima wolimba suchita kugunda kambiri munthu akamapumula.

Ngati muli ndi BP, shuga kapena matenda a mtima, kapena muli ndi pakati, yambani mwafunsa kuchipatala. Mukamva kuwawa pa chifuwa, chizungulire kapena kubanika muli kuyenda, imani pomwepo. Musati zitha zokha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.