Yakale yamphamvu kapena yatsopanoko? Tiwerengere limodzi

Abale anga a geni, mwezi wathawu kasitomala wina wa ku Lilongwe anandituma kuti ndimupezere galimoto yothamanga, "yoti ikadutsa anthu atembenuke." Ndalama yake inali yongokwanira, osati yosefukira. Tinakangana pa foni masiku atatu, ndiye ndati ndikufotokozereni mmene ndimawerengera zoterezi, poti ambiri mwayamba kutumidwa magalimoto.

Ndinayambira ku Dubai Festival City, komwe kuli mashowroom a Al-Futtaim. Kumeneko pitani mukatsuke maso ndi kudziwa mitengo, koma kumbukirani kuti galimoto za msika wa kuno chiwongolero chili kumanzere. Kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero kumanja. Kudutsa thiraki pa M1 uli mbali yolakwika ndi kusewera ndi moyo, komanso tsiku logulitsa udzalira nayo. Zathu zili chapafupi pomwepo ku Ras Al Khor, ku DUCAMZ, kumene kumafikira zochokera ku Japan zoti zitumizidwenso kunja.

Kumeneko ndinapeza ziwiri. BMW 335i ya 2008, injini ya 3.0 ya maturbo awiri, mahosi 306. Ina Toyota Mark X ya 2018, injini ya 2.5 V6, mahosi 203. Pa mtengo wa payadi BMW inali yotsika kwambiri, ndipo bwana uja atangoona zithunzi mtima unapita pomwepo.

Koma mtengo wa payadi si mtengo wa galimoto. MRA ikamawerengera msonkho imayang'ana zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Galimoto zimaikidwa m'magulu malinga ndi zaka zake, ndipo yakale kwambiri ikhoza kulumidwa zenizeni. Choncho zimene wapulumutsa ku Dubai umakazisiya pa Songwe. Funsani clearing agent wanu akuwerengereni musanapereke dipoziti, ndipo zaka muziwerengere tsiku lofika pa boda, osati logula. Sitima kuchoka ku Jebel Ali kukafika ku Dar es Salaam imatenga masabata, ndiye galimoto ya m'malire ikhoza kudumphira gulu lina ili panyanja.

Kenako masipeya. Apa ndiye pagona nkhani. Injini ya 335i ija, N54, ndi yokoma poyendetsa, koma imadziwika ndi kufa kwa pampu ya mafuta ya high pressure, ma injector ndi water pump yamagetsi. Ikafika zaka zoterezi mapaipi a pulasitiki ndi marabala zimakhala zauma kale. Zonsezi ndi zoitanitsa kunja ndi madola, ndipo mukudziwa mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. Dirham imamangidwa ku dola pa 3.67, ndiye kuno mitengo siyenda, koma kwa kasitomala wathu sipeya yomweyo imakwera akugona. Mark X nayo si mngelo: ndi yotsika pansi, mabampu ndi maenje amaidya kumimba, ndipo imafuna oilo wabwino pa nthawi yake. Kusiyana kwake n'kwakuti makaniko wa ku Biwi kapena ku Ndirande anaitsegulapo kambirimbiri, ndipo zida zake amazipeza tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti yakale ndi yoipa nthawi zonse ayi. Kwa munthu amene ali ndi galimoto ina yopitira kuntchito, ali ndi makaniko wake wodziwa kompyuta, ndipo atagula watsala ndi kenakake m'thumba, yakale yosamalidwa bwino ikhoza kumusangalatsa kuposa yatsopano yozunzidwa. Ine ndimayang'ana mbiri ya service kuposa chaka. Koma amene akuthira ndalama yonse pogula, n'kumadalira galimoto yomweyo kukatula ana kusukulu, ameneyo ndimamukaniza.

Ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Zaka zapitazo ndinagula Golf GTI yakale kwa wogulitsa wina, yowala ngati galasi. Nditafika nayo kumudzi sinathe miyezi iwiri giya ya DSG inayamba kugunda. Inakhala pa mawe miyezi isanu, phindu lonse la ulendo umenewo linathera pomwepo, kasitomala n'kumandiyimbira ngati ndamubera.

Chinanso, chenjerani ndi zomizidwa. Mvula ya pa 16 April 2024 inamiza magalimoto ambiri kuno. Kwezani kapeti, nunkhizani, yang'anani dzimbiri pa njanji za mipando ndi matope m'malo a tayala la sipeya. Pemphani auction sheet ya ku Japan, chassis number igwirizane, makilomita agwirizane. Lipirani makaniko wanuwanu aike makina, osati wa payadi pomwepo. Injini muilize ili yozizira. Mukapeza aitenthetsa kale musanafike, funsani chifukwa.

Bwana wa ku Lilongwe uja ndinamutumizira mapepala awiri, lililonse ndi mtengo wofikira pakhomo pake kuphatikiza zokonza za chaka choyamba. Anakhala chete tsiku lonse. Usiku anangolemba kuti, "Tengani Mark X yo, koma ikhale yakuda." Yakuda panalibe, ndiye mawa ndikubwereranso ku Ras Al Khor.