Kodi Mlonda Aphunzire Nzeru za Mbala?

Munthu amene ayenda m'boma la Thyolo, nadutsa m'minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, imene inayamba kulimidwa dziko lino lisanalandire ufulu, angayese kuti nkhani za makompyuta zili kutali ndi dera lotere; koma m'boma lomweli, pa Ndata, ndi pamene paima sukulu ya ukachenjede ya Malawi University of Science and Technology, imene inalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 2014, ndipo mwa maphunziro ake muli a chitetezo cha makompyuta.

Adani amene achinyamata otere akonzekera kulimbana nawo ali awiri. Woyamba ndiye pulogalamu yoipa, imene ambiri angoitcha vairasi, yolowa m'kompyuta mwakachetechete kukaba zinsinsi, kuwononga zolembedwa, kapena kuzitsekera kufikira mwini wake atapereka dipo. Wachiwiri ndiye mauthenga osapemphedwa, otchedwa spam, amene atumizidwa kwa anthu miyandamiyanda nthawi imodzi, ena olonjeza mphoto ya mpikisano umene munthu sanalowe, ena odziyesa mbale wogwidwa ndi tsoka wofuna ndalama msanga pa Airtel Money kapena Mpamba. Anati akale, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo mayi wothyola tiyi, amene wapirira mame ndi dzuwa kuti apeze kangachepe kotumizira mwana wake kusukulu, akanyengedwa ndi uthenga wotere, misozi yake siisiyana ndi ya munthu amene amuthyolera nyumba. Ngakhale boma lenilenilo linalawa chowawachi mu February 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowa m'makompyuta opangira mapasipoti nafuna dipo, ndipo anthu ofuna kuyenda anadikira masabata ambiri ntchitoyo itaima.

Funso lovuta ndi ili: kodi wophunzira aonetsedwe m'mene vairasi aipangira, kapena angouzidwa za kuipa kwake? Mkangano umenewu unabuka ku Canada m'chaka cha 2003, pamene mphunzitsi John Aycock wa pa University of Calgary anayambitsa phunziro limene ophunzira amalemba okha mavairasi. Makampani ena ogulitsa mapulogalamu oteteza makompyuta anakwiya, ena nanena poyera kuti sadzalemba ntchito aliyense wochokera m'phunzirolo. Mantha awo sanali opanda pake, pakuti m'chaka cha 1988 Robert Morris, wophunzira wa pa Cornell University ku America, anamasula pulogalamu imene inafooketsa makompyuta zikwi zingapo pa intaneti imene inali idakali yakhanda. Koma a ku Calgary sanabwerere m'mbuyo: anachita ntchitoyo m'chipinda chokhomedwa, pa makompyuta osalumikizidwa ndi akunja, naphunzitsanso malamulo ndi chikhalidwe choyenera, ndipo pambuyo pake anawonjezera phunziro la spam.

Ine ndiima ndi iwo. Mlonda wa pa esiteti amene sadziwa njira zimene mbala imadzera, kapena nthawi ya usiku imene imakonda, angotopa ndi kuzungulira pachabe. Momwemonso mnyamata kapena mtsikana amene sanaphwasulepo vairasi ndi manja ake sadzaizindikira tsiku limene idzalowa m'kompyuta yosunga malipiro a antchito a m'minda ya tiyi, kapena ya chipatala cha boma. Chofunika ndicho chakuti chidziwitsocho chiperekedwe pamodzi ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene liika chilango pa kuthyola makompyuta, kufalitsa mavairasi ndi kutumiza spam, kuti wophunzira adziwe pamene malire ali asanawafike.

Palinso ntchito imene alendo sadzatigwirira. Zida zambiri zosefa mauthenga oipa zinakonzedwa poyang'ana Chingerezi ndi zinenero zina zazikulu, pamene wakuba wa kwathu amalemba m'Chichewa, nagwiritsa ntchito ulemu wathu, maliro athu ndi ubale wathu ngati nyambo. Ophunzira a pa Ndata, atagwirizana ndi bungwe la MACRA ndi makampani a lamya, angathe kusonkhanitsa mauthenga otere kuchokera kwa anthu a ku Luchenza, Bvumbwe ndi Thekerani, kuwasanthula, ndi kuphunzitsa makina kuwagwira asanafike m'foni ya munthu.