Loya wa ku Comilla ndi Mnyamata wa Kamera

Dhirendranath Datta anabadwa mu 1886, Zahir Raihan mu 1935. Akadatha kukhala agogo ndi mdzukulu, koma onse awiri anamenyera chilankhulo chimodzi, Chibengali, aliyense ndi chida chake.

Datta anali loya wa ku Comilla, munthu wa malamulo ndi mapepala. Mu Febuluwale 1948, m'nyumba ya malamulo ya Pakistan ku Karachi, anaimirira napempha kuti Chibengali chizigwiritsidwanso ntchito m'nyumbamo limodzi ndi Chiurdu ndi Chingerezi. Anakumbutsa anzake kuti mwa anthu 69 miliyoni a dzikolo, 44 miliyoni amalankhula Chibengali. Koma chimene chimandikhudza mtima ndi chitsanzo chimene anapereka: mlimi wosauka wapita ku positi ofesi ya kumudzi kuti atumize ndalama kwa mwana wake wa ku yunivesite ya Dhaka, apeza fomu yalembedwa m'Chiurdu, ndipo ayenera kuyendayenda kusaka womuwerengera. Nduna yaikulu, Liaquat Ali Khan, inakana kwamtuwagalu, pempholo n'kugwa.

Raihan sanadikire nyumba ya malamulo. Pa 21 Febuluwale 1952, asanakwanitse zaka 17, anali m'gulu la ophunzira amene anaphwanya lamulo loletsa misonkhano ku Dhaka pomenyera Chibengali, ndipo anamangidwa. Tsiku lomwelo apolisi anaombera anthu, kupha ena monga Abul Barkat ndi Rafiq Uddin Ahmed. Raihan atakula anagwira cholembera ndi kamera. Filimu yake ya Jibon Theke Neya ya mu 1970 inabisa ndale m'nkhani ya banja lolamulidwa mwankhanza ndi mayi mmodzi wosunga makiyi onse a m'nyumba. Nkhondo ya ufulu wa anthu olankhula Chibengali itabuka mu 1971, anathawira ku Calcutta, kumene anakonza filimu ya Stop Genocide kuti dziko lonse lione zimene asilikali a Pakistan ankachita.

Mbiri yakondera msewu. Mu 1999 bungwe la UNESCO linasankha 21 Febuluwale kukhala tsiku lokumbukira zilankhulo za makolo, ndipo n'zoyenera, pakuti magazi anakhetsedwa. Komabe ine ndimaona kuti Datta anasenza katundu wolemera mwa njira ina. Raihan anali ndi anzake kumanja ndi kumanzere. Datta, Mhindu m'dziko lokhazikitsidwira Asilamu, anadziwa kuti mawu ake adzamveka ngati a munthu wofuna kugawa dziko, ndipo n'zimenedi anamunenera.

Asilikali sanamuiwale. Usiku wa pa 29 Malichi 1971 anadzamutenga kunyumba kwake ku Comilla, ali ndi zaka 84, pamodzi ndi mwana wake Dilip, n'kukawazunza mpaka kuwapha ku kampu ya Mainamati. Raihan yekha anauona ufulu, koma kwa masabata ochepa chabe. Pa 30 Januwale 1972 anapita ku Mirpur kukafunafuna mkulu wake, wolemba mabuku Shahidullah Kaiser, amene anagwidwa kutatsala masiku awiri kuti nkhondo ithe. Naye sanabwerenso.