Anali Mwana Waulemu, Lero Akuti Ndi Chindere

Lamlungu masana anthu akaweruka ku tchalitchi, pa bwalo la mpira ku Wenya, m'boma la Chitipa, pamachitika masewero awiri. Oyamba ndi a mpirawo, ndipo aliyense amawaona. Achiwiri amachitikira kunja kwa mzere, kumene atsikana aima m'timagulu, anyamata n'kumadutsa uku ndi uku ngati akusaka wogulitsa nzimbe. Masewero amenewa alibe woyimbira, alibenso malamulo olembedwa. Diso limaponyedwa, lina n'kubwezedwa. Mtsikana akati "ndikaganize kaye," mnyamata wozindikira amamvetsera mmene mawuwo atulukira, n'kudziwa ngati akumuuza kuti abwerenso mawa kapena asadzayerekezenso.

Koma midzi yambiri ili ndi mnyamata mmodzi amene masewero achiwiriwa amangomudutsa. Ng'ombe za m'khola la bambo ake amazidziwa iliyonse, make wake ndi mwezi umene inabadwa. Wailesi ikasiya kulankhula, anthu amapita nayo kwa iye. Mukamufunsa za batire la sola, adzakufotokozerani mpaka dzuwa kulowa, osaona kuti mwayamba kuyasamula. Nthabwala amaitenga ngati nkhani yeniyeni. Anzake akamaseka, iye amakhala akufunafuna chimene chaseketsa.

Ali mwana, khalidwe lomweli linkamupatsa mbiri yabwino. Sankayang'ana akulu m'maso, ndipo kwathu kuno umenewo ndi ulemu. Sankalowerera nkhani za akuluakulu. Kubusa ankakhala yekha tsiku lonse osadandaula, ziweto osalowa m'munda wa munthu. Zinthu zimatembenuka akafika zaka 18 kapena 20, anzake atayamba zibwenzi, ena atapereka kale malowolo. Amene dzana ankamutcha wofatsa ayamba kumutchula chindere, mawu a Chitumbuka otanthauza chitsiru. Ena amanong'onezana kuti anamukhwimira kuti chigayo cha wachibale chiziyenda bwino.

Si mnyamata aliyense wamanyazi amene ali ndi vuto. Koma zizindikiro zotere zikakumana mwa munthu mmodzi kuyambira ubwana, madokotala ali nalo dzina: autism. Ubongo wa munthuyo umakula mosiyana ndi wa anthu ambiri. Amavutika kuwerenga nkhope, maso ndi mawu okuluwika. Amakonda kuchita zinthu m'njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Phokoso la sipika ya pa ukwati limatha kumupweteka m'makutu ngati msomali. Ena salankhula n'komwe ndipo amafunika chisamaliro moyo wawo wonse. Ena amakhoza MSCE, n'kupeza ntchito, munthu osawadziwa.

Mmodzi mwa oyamba kufotokoza bwino za autism anali Leo Kanner, dokotala wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, m'chaka cha 1943. Analemba za ana 11, ndipo 8 mwa iwo anali anyamata. Mpaka lero anyamata opezeka nayo amachuluka katatu kapena kanayi kuposa atsikana, ngakhale kuti atsikana ambiri amangobisika chifukwa amaphunzira msanga kutsanzira anzawo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 235,000 m'boma la Chitipa. Muyeso wa WHO utagwira chimodzimodzi kumeneku, ndiye kuti bomali lili ndi anthu otere pafupifupi 2,350.

Chigayo chilibe mlandu, mayi wolera alibenso mlandu. Kafukufuku wa 2019 wa ana oposa 2 miliyoni a m'mayiko asanu anaonetsa kuti autism imayenda kwambiri m'magazi a banja. Nkhani yakuti imabwera ndi katemera inachokera m'lipoti la Andrew Wakefield la 1998, limene magazini ya The Lancet inalichotsa mu 2010 litapezeka kuti linali lachinyengo.

Kuti banja la ku Wenya limve dzina limeneli kuchokera kwa katswiri, ulendo wake ndi wautali. Pamafunika kudutsa msewu wafumbi kukafika pa boma la Chitipa, kutsika ku Karonga, kenako kukwera Chiweta mpaka ku Mzuzu, mtunda woposa makilomita 300 kuchokera pa bomapo. Kumeneko kuli a St John of God, amene akhala akuthandiza odwala maganizo ndi ana ochedwa kukula kuyambira zaka za m'ma 1990. Ndalama ya ulendo wotere banja limaisungira wodwala amene wagona pamphasa. Mnyamata amene akudya bwino, akulima, akungovutika kucheza, ndani angamugulitsire mbuzi?

Choncho amakula wopanda dzina la chimene chikumuchitikira, ndipo ululu weniweni umadzabwera pa nkhani ya chikondi. Anthu ambiri amaganiza kuti munthu wa autism safuna anzake. Ofufuza amene anacheza ndi achikulire a autism anapeza zosiyana: ambiri amafuna chibwenzi ndi banja ngati wina aliyense. Chimene chimawasowa ndi khomo lolowera.

Kufunsira kwa kuno kumayenda mozungulira. Mnyamata amayamba ndi kufunsa njira imene akuidziwa kale. Mtsikana woleredwa bwino savomera tsiku loyamba ngakhale mtima utagwa, ndipo amene sakufuna kawirikawiri sanena "ayi" wowuma, amangoti "ndili ndi zochita" kapena "amayi akundidikira." Mnyamata wa autism amamva mawuwo monga alili. Akauzidwa kuti lero pali zochita, mawa amabweranso, mkuja amabweranso, kufikira mtsikana achita mantha ndipo alongo ake atola ndodo. Wina zimamuchitikira mosemphana: mtsikana amene amamukondadi akangoti "ndikaganize," iye amati wakanidwa, n'kusowa chaka chathunthu.

Palinso omudyera masuku pamutu. Anzake amamunamiza kuti uje akumufuna kuti aone mmene achitire manyazi pagulu. Foni nayo ili ndi mbali ziwiri. Kulemba uthenga pa WhatsApp kapena Facebook kumamupepukira, chifukwa kulibe maso oti awerenge ndipo ali ndi nthawi yoganiza yankho. Koma yemweyo ndi amene amakhulupirira msanga "mtsikana" wosamuonapo amene akupempha mayunitsi ndi ndalama ya pa Mpamba. Akapusitsidwa kangapo amadzitsekera m'nyumba. Madokotala akudziwa kuti nkhawa ndi matenda a kukhumudwa amagwira anthu a autism kwambiri kuposa ena, ndipo kusalidwa ndi chimodzi mwa zoyambitsa zake.

Kodi vuto lonse lili mwa mnyamatayo? Katswiri wa ku Britain Damian Milton, amene nayenso ali ndi autism, anatsutsa zimenezi mu 2012. Iye anati kusamvana kumachokera mbali zonse: wa autism samva anthu ena, anthu enawo nawonso samumva. Mu 2020 Catherine Crompton ndi anzake ku Edinburgh anayesa mfundoyi ndi anthu 72. Anawaika m'mizere ya anthu asanu ndi atatu kuti azipatsirana nkhani, uyu auze uyu, uyo auze winayo. Mizere ya anthu a autism okhaokha inafikitsa nkhani bwino mofanana ndi mizere ya anthu opanda autism. Nkhani inatayika kwambiri m'mizere yosakaniza. Anthu a ku Chitipa, kumene Mlambya, Mndali, Msukwa ndi Mtumbuka amagulana malonda pa msika umodzi, sangadabwe nazo: awiri olankhula zinenero zosiyana akalephera kumvana, sipakhala chitsiru pakati pawo, pamangosowa womasulira.

Ndipo womasulira wa nkhani za ukwati derali linali naye kale. Mwa Atumbuka, anyamata ankakulira ku mphala, atsikana ku nthanganeni, ndipo akulu ankawauza malamulo a kufunsira mosabisa mawu. Nkhani ikakhwima ankatuma thenga, munthu wonyamula mawu pakati pa mabanja awiri, amene amabwera ndi yankho lomveka: avomera kapena akana, ng'ombe ndi zingati. Ankhazi, alongo a bambo, ankadziwa mtima wa mwana aliyense. Dongosolo lotere, la masitepe odziwika ndi mayankho osazungulira, ndi limene mnyamata wa autism amayendamo bwino. Ku yunivesite ya UCLA ku America, pulogalamu ya PEERS imene anayambitsa Elizabeth Laugeson imachita zofanana: imaphunzitsa achinyamata a autism pang'onopang'ono mmene angayambire kucheza, mmene angapemphere chibwenzi, ndi mmene angalandirire kukanidwa.

Pali msampha umodzi umene mabanja amagwamo, wakuti "mupezereni mkazi, achangamuka." Ukwati suchotsa autism, ndipo mtsikana wokankhidwira m'banja chifukwa kwa mnyamata kuli ng'ombe amasanduka wolera munthu amene sanamusankhe. Gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa mwamuna ndi mkazi aliyense ufulu wokwatira, ndipo gawo lomwelo limaletsa kukakamiza munthu kulowa m'banja. Thenga wabwino amabweretsanso "ayi," n'kumufotokozera mnyamata kuti nkhani yathera pomwepo.

Mwana woyamba m'lipoti la Kanner anali Donald Triplett, wobadwa mu 1933 m'katawuni ka Forest ku Mississippi. Ali mwana anakakhala ndi banja lina la alimi. Ataona kuti amangowerenga mizere ya chimanga mobwerezabwereza, sanamuletse; anamupatsa khasu lokokedwa ndi kavalo kuti aziwerenga mizereyo akulima. Ataona kuti amakonda kuyeza zinthu, anamupatsa ntchito yokumba chitsime n'kumanena kuya kwake. Anamaliza koleji mu 1958, anagwira ntchito pa banki ya kwawo zaka zoposa 60, ankayendetsa galimoto ndipo anayenda mayiko ambiri. Sanakwatire, koma sanakhale yekha: ankamwa khofi ndi anzake a m'tawunimo, ndipo atolankhani atabwera kudzalemba za iye, anthu a ku Forest anawachenjeza kuti asayerekeze kumupweteka. Anamwalira mu June 2023 ali ndi zaka 89.

Ku Wenya mizere ya chimanga ndi mawere ilipo yambiri, ng'ombe zofuna wozikumbukira zilipo, mabuku a banki m'khonde ofuna munthu wosaphonya nambala aliponso. Pa 2 April chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira za autism, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2007. M'dera la mfumu Mwenewenya tsikuli limapeza chimanga chikukhwima m'minda, ndipo mnyamata uja ali kubusa, akuwerenga ng'ombe zimene anaziwerenga kale m'mawa.