Mwala Wonolera Mipeni Umene Unadabwitsa Anthu Ophunzira

Abale anga a pa mgodi, nchito yanga ine ndi ya ukalaliki. Tsiku ndi tsiku ndilandira timatumba ta miyala imene anyamata a sampulo asema pansi, ndilemba nambala ya kathumba kali konse m'buku, ndi kutumiza ku nyumba yoyesera golidi. Inu mufukula matani, koma conena ngati m'thanthwe muli cuma ndi kacidutswa kokwana m'dzanja. Cifukwa cace ndinachera khutu pakumva mbiri ya mwala wina wa ku Somalia, umene unayesedwa mwa njira yonga yomweyi.

Pafupi ndi mudzi wa El Ali, m'cigawo ca Hiiraan, panali cimwala cimene abusa a ngamila anacidziwa kuyambira makolo ao. Anali kunolerapo mipeni, nacichula m'nyimbo zao. Kulemera kwace ndi matani 15, ndiko kunena matumba 300 a cimanga a makilogalamu 50. M'caka ca 2019 anthu ofunafuna miyala ya opal anaona kuti cimeneci si mwala wamba koma citsulo, ndipo mu 2020 cinanyamulidwa kunka ku Mogadishu.

Mwala wotere sucokera pansi monga yathuyi. Ugwa kucokera kumwamba. Ndiri mwana, tikaona nyenyezi ikuthothoka usiku, agogo ankati kwina kwafa mfumu. Koma si nyenyezi ai. Ndi zidutswa za miyala ndi citsulo zoyendayenda m'mlengalenga, zambiri za zaka 4,500 miliyoni. Zazing'ono zipsa zisanafike pansi, zazikulu zifika. Ngakhale kwathu ku Malawi, m'boma la Machinga, unagwa wina mu 1981, wolemera makilogalamu 93.

Tsono pa cimwala ca ku El Ali anadula kacidutswa ka magalamu 70, kolemera kupambana dzira la nkhuku pang'ono cabe, nakatumiza ku University of Alberta m'dziko la Canada, kwa Bambo Chris Herd amene asunga miyala yotere. Kayesedwe kace nkosiyana ndi kathu. Ife tipera mwala ndi kuusungunula pamoto kuti golidi atsale yekha. Iwo sapera ai, pakuti ungaonongeke umboni. Apukuta kacidutswako mpaka kawale ngati kalirole. Akathira mankhwala owawa pa citsulo ca kumwamba, kawirikawiri paoneka mizere yopingasana monga malukidwe a mkeka. Mizereyi iwauza kuti citsuloco cinazirala pang'onopang'ono pa zaka mamiliyoni, cinthu cimene wosula ali yense sangathe kucicita.

Pambuyo pace aika kacidutswako m'makina amene alasa mphamvu ya magetsi pa kadontho kocepa koposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Cinthu ciri conse ca m'kadonthomo ciyankha ndi ceza cacecace, ca mtundu womwe uja atijambula nao cifuwa kwa dotolo, ndipo makina awerenga kuti citsulo ncocuruka cotani, fosiforasi ngwocuruka cotani. Bambo Andrew Locock, woyendetsa makinawo, anazindikira pa tsiku loyamba lomwe kuti muli mitundu iwiri ya miyala imene munthu anali asanaipezepo m'cilengedwe. Cinamthandiza ncakuti akatswiri a ku France anapangapo zofanana nazo m'nyumba yao yoyesera m'zaka za m'ma 1980, ndipo iye analinganiza manambala ace ndi ao. Ine ndinakondwa pomwepa, pakuti ndinaona kuti buku losungidwa bwino lithandiza munthu wosamdziwa patapita zaka 40.

Mbiriyi inalengezedwa mu November 2022. Mtundu woyamba anaucha elaliite, kutengera dzina la mudzi. Waciwiri ndi elkinstantonite, kulemekeza Mai Lindy Elkins-Tanton, amene anatsogolera nchito ya combo cochedwa Psyche, cimene cinanyamuka mu October 2023 kukaona cimwala cacikuru cokhala ndi citsulo cambiri m'mlengalenga. Yonse iwiri iri ndi citsulo, fosiforasi ndi mpweya wa okosijeni. Pambuyo pace Bambo Chi Ma wa ku California anapezanso wacitatu, wochedwa olsenite. Musaganize kuti ndi miyala yoti mungaike pa mphete. Ndi timbewu tosaoneka ndi maso. Mtengo wace uli pakuti tiuza anthu ophunzira za kutentha ndi kugundana kumene kunacitika dziko lathu lisanakhazikike.

Pali cimodzi cimene sicinandikondweretse. Pa nthawi yomwe maina anali kulengezedwa, kunamveka kuti cimwala conse catumizidwa ku China kukafuna wogula. Ngati magalamu 70 anaturutsa mitundu itatu, nanga m'matani 15 muli zingati? Ku Namibia, pafupi ndi Grootfontein, kuli cina cochedwa Hoba, ca matani ngati 60, cimene mlimi anacipeza mu 1920. Anthu anayamba kusemako zidutswa, koma mu 1955 boma linaciteteza ndi lamulo, ndipo ciri pomwe cinagwera, alendo napita kukaciona. Anthu a ku El Ali dzina la mudzi wao lalowa m'mabuku, koma mipeni anolera pena.