NKHONDO IMODZI, MBIRI ZITATU

Dziko la Chadiza liri pakati pa malo a Angoni a Mpezeni ndi malire a Mozambique. Eni ace ambiri ndiwo Acewa a mafumu Zingalume, Mwangala ndi Mlolo, amene alambira Kalonga Gawa Undi. Koma Angoni ndiwo anansi ao, ndipo akwatirana nao kwa zaka zambiri. Munthu wofunsa za nkhondo ya 1898 m'dera limeneli adzapeza mbiri zitatu zosiyana.

Pali zina zimene onse abvomerezana. Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo mwana wace Mpezeni anadzakhazikika pafupi ndi pamene pali Chipata lero. M'caka ca 1891 Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anatenga kalata yonena kuti Mpezeni wampatsa dzikolo, ndipo kalatayo inafika m'manja mwa North Charterland Exploration Company, imene inali kufuna golide. Mu January 1898 asilikali anacokera ku Nyasaland ndi mizinga ndi mfuti za ciwaya, nagonjetsa Angoni m'masiku owerengeka. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondo, anaomberedwa mu February. Mpezeni anatengedwa ukaidi, ndipo atabwezedwa kwao anamwalira mu 1900.

Azungu analemba m'makalata ao kuti Angoni anapanduka, nazinga Wiese ndi anzace ku Luangeni, ndi kuti asilikali anadza kudzapulumutsa anthuwo ndi kuthetsa kufunkha. Koma olembawo ndiwo amene anafuna dzikolo, ndipo anayenera kuonetsa akulu ao ku London kuti nkhondoyo inali yolungama.

Angoni akana mau akuti kupanduka. Afunsa kuti, kodi munthu apandukira bwanji mfumu imene sanaigonjere? Kwa iwo dziko silinali cinthu cogulitsa. Mpezeni analola mlendo kukhala ndi kucita malonda, osati kutenga nthaka. Akumbuka midzi yotenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zolandidwa, ndi mwambo wa Nc'wala umene unaleka kufikira 1980. Kwa iwo Nsingo ndiye ngwazi imene inafera dziko.

Acewa anena zina. Asanadze Azungu, Angoni anali kuthira nkhondo midzi yao, kulanda zakudya ndi kutenga akazi ndi ana. Ambiri anakhala m'malinga kapena m'mapiri, nalima mwamantha. Cifukwa cace kugwa kwa Angoni kunawapatsa mpata wotsika ndi kumanganso midzi poyera. Koma cimwemwe cao sicinakhalitse. Posacedwa unadza msonkho, anyamata anapita kukagwira nchito ku Halale, ndipo Kampani inatenga nthaka yabwino, anthu napanikizana m'malo ocepa kufikira Boma linagula dzikolo mu 1941. Mabanja enanso ali ndi makolo mbali zonse ziwiri, pakuti ana a ogwidwa aja anakula ngati Angoni, namenya nkhondo pamodzi ndi Nsingo.

Kodi wonama ndani? Kawirikawiri palibe. Munthu aliyense asunga cimene cinamkhudza: mwini ng'ombe akumbuka khola lopanda kanthu, wothawira kuphiri akumbuka tsiku limene anatsika. Ciyambi ca nkhani naco cisintha tanthauzo lace. Woyambira pa 1898 aona Angoni ngati olakwiridwa. Woyambira pa kufika kwa Mpezeni aona Acewa ngati olakwiridwa. Ndiponso mbiri ya Azungu inalembedwa, niphunzitsidwa m'sukulu, pamene zinazo zinakhala pakamwa pa nkhalamba. Ambiri aganiza kuti cosindikizidwa ndico coona, kuiwala kuti cholembera naco cigwidwa ndi munthu wokhala ndi zofuna zace.

Nkhani imeneyi si yocezera cabe. Milandu ya malire a minda ndi ya ufumu kawirikawiri itsamira pa funso lakuti anayamba kufika ndani, ndipo anagonjetsa ndani. Mwana womva mbiri imodzi yokha akula ndi cidani pa mnansi wace, osadziwa kuti mnansiyo nayenso anataya zace.

Mfumu yanzeru pabwalo siweruza itangomva wodandaula. Imva mbali zonse, ifunsa pamene mboni inaima ndi cimene idzapindula, ndipo pambuyo pace iona pamene mau agwirizana. Wophunzira mbiri ayenera kutero. J. A. Barnes, amene buku lace la Angoni a Mpezeni linaturuka mu 1954, anawerenga makalata a Boma nakhalanso m'midzi kumvera akuluakulu. Aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Chadiza angathe kucita comweco: alembe zimene agogo ao anamva kwa makolo, Mcewa ndi Mngoni yemwe, osacotsapo zowawa. Mutu umodzi susenza denga. Momwemonso pakamwa pamodzi sipatha mbiri ya dziko.